Khoma Lopanda Mpata

Mvula inayamba kusanache, yamawawa ija yosachita phokoso koma yolowa mpaka m'mafupa. Sajeni anafika pa holo ya chionetsero masokosi atanyowa, atakwiya kale asanamve n'komwe mlandu wake.

Ntchito ya pamalo amenewa sankaifuna. Sabata yapitayo, atamuuza kuti ndiye akayang'anire chitetezo potsegulira chionetsero cha zithunzi za dziko lija, anadandaula kwa akuluakulu ake, anadandaula kunyumba, anadandaula ngakhale kwa mlamu wake atabwera kudzacheza Lamulungu. Dziko lija anthu sankalitchula dzina, ankangolilozera ndi mlomo. Pa wailesi linkamveka ndi nkhani za mfuti ndi ndende basi. Ndipo n'komwe mwamuna wa Sajeni, dalaivala wa thiraki, analowa zaka zisanu ndi zinayi zapitazo osatulukanso. Kalata ayi, foni ayi, mtembo ayi. Mwana wawo wamkazi ankalembera bambo ake makalata n'kumawasunga m'chitini cha mabisiketi poti kowatumiza kunalibe. Sajeni sankamuletsa, chifukwa chinthu chimodzi ankachidziwa ndi mtima wonse: akanakhala kuti amamulola, bambo a mwanayo akanalemba. Chimenecho ndicho chinkamudzutsa m'mawa uliwonse.

Ndiye lero, tsiku lotsegulira lenilenilo, amuimbira foni kuti chithunzi chimodzi chabedwa. Chamumtima anati bola akanaba zonse.

"Mwachedwa, a Sajeni, ntchito takugwirirani kale," anatero bwana wa holo, bambo wa suti yothina pamimba, wokonda kudzimvera mawu ake omwe. "Wakuba ndi uyo. Makiyi amasunga ndi iyeyo, chitseko sichinathyoledwe, mawindo ali bwinobwino. Mukufunanso chiyani? Alendo akufika thu koloko. Nthawi imeneyo ikakwana chithunzi chisanaoneke, mumutenge akagone m'chitokosi, ndipo pano asadzapondenso."

Pa benchi panali mlonda, mkulu wa imvi, akupinda ndi kutambasula chipewa chake m'manja. Sajeni ankamudziwa, monga ankadziwira theka la anthu a m'tauniyo. Anagwira pa holoyo zaka makumi awiri osasowetsapo ngakhale tsache.

"Womanga anthu ndi ine, bwana," anatero Sajeni. "Inu pitani mukayale mipando."

*

Wojambula zithunzizo anali mayi wochepa thupi, wa mawu osasa ndi maso ofiira. Anaima pakati pa chipinda atagwira kapepala kamodzi ngati kakumuotcha.

"Taonani khoma ili, mayi. Mukuona pomwe pachoka chinthu?"

Sajeni anayang'ana. Zithunzi zinali pamzere umodzi, zotalikirana mofanana kuchokera pakhomo mpaka pakona. Mpata panalibe.

"Inenso sindinaone. Ndalowa, ndamwaza maso, zonse zili bwino. Ndayamba kumata timapepala tofotokoza zithunzi, chithunzi chilichonse kake, khumi ndi tiwiri. Ndafika kumapeto, kamodzi kanditsalira m'manja. Ndawerenga zithunzi, khumi ndi chimodzi. Ndawerenganso kanayi ngati wozungulira mutu."

Pakapepalapo panalembedwa kuti: Wometa, msewu wa mathiraki, m'mawa. Sajeni anawerenga mawu akuti mathiraki kawiri, n'kubweza kapepalako.

"Tsukitsani china. Si mafilimu muli nawo?"

Wojambulayo anaseka, koma kunali kuseka kowawa. "Miyezi inayi ndayenda m'dziko lija. Kawiri ndinaiwala kamera m'basi, anthu n'kundithamangira nayo. Ndafika kwathu kuno, pa depoti, chikwama cha mafilimu chapita ndisanamwe ndi madzi omwe. Izi ndinatsukitsa konko, zinali m'sutikesi. Chithunzi chilichonse mukuchionachi n'chimodzi chokha padziko lonse."

"Munali chiyani m'chobedwacho?"

"Choti munthu angabere mulibe. Mkulu wina akumeta munthu m'mbali mwa msewu, kalilole atamukoleka pamtengo, anthu akudikira pa benchi. Basi."

Sajeni anali atalumbira kuti zithunzizo sadzaziyang'ana, koma maso samvera malumbiro. Anaona amayi akuyanika zovala pakhonde la nyumba yosanja, ana a sukulu atatu akulimbirana ambulera imodzi, nkhalamba itagona m'basi pakamwa pali yasa. Ankayembekezera waya waminga ndi asilikali, ndipo kusowa kwa zimenezo kunamupsetsa mtima.

"Mwajambula zomwe anakulolani kuona."

"Ndajambula zomwe ndinkakumana nazo popita kogula buledi," anayankha wojambulayo motopa, ngati munthu amene funsolo walimva kambirimbiri.

Sajeni anasendera kukhoma. Anayendetsa chala pakhoma, pakati pa zithunzi ziwiri. Khoma linali losalala, kenako chala chinamira pang'ono pa kadontho kofewa. Linali bowo la msomali, lomatidwa bwino, zomatirazo zisanaume. Anapitiriza, anapeza lina, ndi lina, mpaka mabowo khumi. Pansi panali posesedwa, fumbi la khoma ngakhale pang'ono.

Wakubayo sanangokoleza chithunzi n'kuthawa ayi. Anazula misomali, anayeza khoma lonse mwatsopano, anakhomanso, anamata mabowo akale, n'kusesa. Imeneyo ndi ntchito ya ola lathunthu, mwina kuposa. Wakuba wa mtundu wanji amene amasiya pamalo pali bwino kuposa mmene anapapezera?

"Anakukhomerani ndani zithunzizi dzulo?"

"Mafelemu, uja wa shopu ya kuseri kwa msika. Ati ndi mlamu wanu, eti?"

Sajeni anapukuta chala pa yunifolomu. Inde, anali mlamu wake, mng'ono wa mwamuna wake, amene anthu anamuiwala dzina n'kumangomuitana ndi ntchito yake. Munthu wosatha kumwa tiyi m'nyumba ya eni kalendala itapendekeka, mpaka adzuke akaiongole.

*

Sajeni anatengera mlonda m'kachipinda kosungiramo katundu. Munkanunkha utoto ndi mipando yonyowa. Pakona panatsamira makwerero athabwa, mwendo wake umodzi wamfupi.

"Madala, mwatsegula nthawi yanji?"

"Sikisi, mayi, monga mwa masiku onse."

"Ndiye?"

"Ndiye ndinakhala pageti."

"Mvula ikugwa?"

"Ndili ndi chijasi, mayi."

"Analowa ndani?"

"Sindinaone munthu. Maso angawa masiku ano, mayi, ndi dzina chabe."

"Nyundo munaimva? Munthu wakhoma misomali isanu ndi inayi muno."

"Makutunso atha, mayi."

Sajeni anapita pa makwerero aja, anaponda sitepe yoyamba. Makwererowo anagwedezeka ngati dzino lofuna kuchoka. Sajeni anatsika.

"Amenewa munthu sangakwere popanda womugwirira. Tambasulani manja."

Mkuluyo anatambasula pang'onopang'ono. Pa mkono wa jasi lake panali kadontho koyera, kofanana ndi kamene kanali pa chala cha Sajeni.

"Madala, zaka makumi awiri mukufuna muzitaye chifukwa cha chithunzi cha wometa? Mukudziwa kuti m'chitokosi mulibe bulangete? Ndiuzeni amene munamugwirira makwerero, ndikumasulani pompano."

Mlondayo anakweza maso koyamba. Munalibe mantha m'masomo, munali chisoni, ndipo Sajeni anadabwa kuona kuti chisonicho n'chomumvera iyeyo.

"Mayi, ine ndine wamkulu, ndagonapo malo oipa kuposa amenewo. Nditengeni. Inu mubwerere ku ofesi, mukalembe kuti mwamugwira wakuba, madzulo mukadye ndi mwana wanu."

"Mwana wanga akubwera bwanji m'nkhani imeneyi?"

Mlondayo anayambanso kupinda chipewa.

*

Kunja kwa geti kunaima mphunzitsi wopuma ntchito, ambulera dzanja lina, chikwangwani dzanja lina. Pachikwangwanipo analembapo kuti TIBWEZERENI ANA ATHU, koma mvula inali itasungunula zilembo zina. Mwana wake wamwamuna anapita dziko lija kukagwira ntchito ya zomangamanga, ndipo naye anasowa. Mphunzitsiyo ndi Sajeni anakhalapo limodzi kangapo m'makonde a maofesi, kudikira mayankho amene sanabwere.

"Mwanangu, ndamva kuti awabera," anatero mokondwa. "Wabwera kudzandimanga? Ndi ine ndinalemba m'nyuzipepala kuti zithunzi zabodzazi ziotchedwe, sindikukana, ndipo chiganizo chilichonse ndinachilemba m'kalembedwe koyenera."

"Munali kuti m'mawa, aphunzitsi?"

"Pomwe ndaima pano, kuyambira hafu faifi. Funsa amayi ogulitsa nyuzipepala awo, andithamangitsa kawiri kuti ndikuwatchinga. Ndipo tamvera, ine ndikanalowa mmenemo sindikanatenga chimodzi ngati munthu wosankha malaya. Ndikanagwetsa zonse."

Zimenezo Sajeni anazikhulupirira. Mkuluyu kukhoma msomali woongoka sakanatha, manja ake ankanjenjemera ndi chikwangwani chomwe.

"Ndiye mwaona amene walowa."

"Walowa ndi wantchito, osati wakuba. Njinga yamoto ya mlamu wako ndani saidziwa? Imatsokomola ngati ine. Wafika sikisi itangopitirira, watuluka cha m'ma hafu seveni, kumbuyo atamanga chinthu chaphanthiphanthi m'bulangete. Ndamupatsa moni, iye kuyang'ana kumbali. Mnyamata waulemu ngati uja! Ndati kaya wadwala."

Sajeni anayang'ana wotchi. Inali itadutsa leveni.

"Koma nkhope yake, mwanangu," anawonjezera mphunzitsiyo akutsitsa mawu, "inali ya munthu wochokera kumanda."

*

Shopu ya Mafelemu inali kachipinda kamodzi kopapatiza, kodzaza timatabwa, magalasi otsamira kukhoma ndi zithunzi za maukwati a eni zodikira eni ake. Mwini wake anali ataweramira tebulo, akudula galasi. Atamva mapazi sanatembenuke.

"Alamu, mwanyowa. Nditereke tiyi?"

"Wakuba samata mabowo, alamu."

Kachitsulo kodulira galasi kanaima. Kenako kanapitiriza, kanakhota, galasi linasweka molakwika. Pa zaka zonse zimene Sajeni anamudziwa, anali asanaonepo mlamu wake akuwononga galasi.

"Ndinkafuna pasaoneke mpata," anatero Mafelemu chapansipansi. "Mpata umaitana mafunso. Ndinati akaona mzere uli bwino, tsiku lidutsa, inu mugwira ntchito yanu n'kubwerera kunyumba. Za timapepala tija sindinaziganize."

"Ndi kusesa komwe?"

"Dzanja linakana kusiya pali choncho."

Sajeni anatsala pang'ono kuseka. Munthu uyu ndi amene anafolera denga la nyumba yake litadontha, amene ankapita kusukulu pa tsiku la makolo kukaimira mkulu wake. Sanabepo ngakhale pensulo.

"Chifukwa chiyani?"

"Ndimangeni, alamu. Ndikavomera pamaso pa aliyense. Ndikanena kuti ndachiotcha."

"Mwachiotcha?"

Mafelemu anagwedeza mutu. "Machesi ndinayatsa. Koma ine ntchito yanga ndi yosunga nkhope za anthu, sindinaotchepo ndi imodzi yomwe. Ndiye ndiyambire imeneyi?"

"Chithunzi chikapanda kubwerera pakhoma paja, mkulu uja ntchito yamuthera. Anakugwirirani makwerero, ndipo akulolera kukagona pa simenti kuti asakutchuleni. Mukuti ndimusiye?"

"Ndiye ndichibweza ndekha. Inu mukaime pageti. Musalowe m'chipindamo, alamu, chonde. Ndakupemphanipo chiyani chiyambire?"

Mvula inkagogoda pa malata. Sajeni anamva mantha amene sanawamvepo ngakhale tsiku lomwe anathamangitsa mbava ya chikwanje. Akanatha kuvomera. Akanatha kutuluka, kukaima pageti pafupi ndi mphunzitsi, n'kumadana ndi dziko lija mwamtendere mpaka kukalamba. Koma anali wapolisi zaka zambiri, ndipo umboni sankaulandira ndi maso a munthu wina.

"Tulutsani."

Mafelemu anagwada, anasolola mtolo pansi pa tebulo, anamasula bulangete. Anaimika chithunzicho pa mpando, pamene kuwala kwa pakhomo kunkafika, iye n'kupita kukaima kukhoma atafulatira.

Poyamba Sajeni sanaone kanthu. Wometa wa ndevu zoyera, lumo m'manja. Munthu wometedwa atatsinzina, thovu kumasaya. Kumbuyo mathiraki awiri, mtengo, kalilole wokolekedwa ndi waya.

"Palibe chilichonse apa."

"Pa kalilole," anatero mlamu wake osatembenuka. "Ife popukuta galasi mphuno imakhala pafupi. Ndinaona dzulo madzulo."

Sajeni anawerama. M'kalilolemo munkaoneka benchi ya odikira, yaying'ono ngati bokosi la machesi. Pa benchipo panakhala bambo atavundikira chipewa pa bondo, mutu ataugwetsera kumbuyo, akuseka mpaka kuonetsa mpata wa dzino lakumanzere. Dzanja lake linagwira kamtsikana ka zaka ngati zinayi kokhala pamwendo pake, ndipo chala chachiwiri cha dzanjalo chinali chachifupi, chija chinadulidwa ndi chitseko cha thiraki chaka chomwe anakwatirana ndi Sajeni. Kamtsikanako kanali ndi makutu a bambowo. Pambali pake mayi wina, wooneka theka la nkhope, ankamukonza kolala.

Anali atanenepa. Pa zonse, chimenecho ndicho chinamulasa Sajeni. Zaka zisanu ndi zinayi ankamuona m'maganizo ali wowonda, nthiti zili pamtunda, kuseri kwa zitsulo. Panali masiku amene ankasiya chakudya pambale chifukwa chochita manyazi kukhuta mnzake ali ndi njala. Ndipo uyu apa, masaya ali phwii, akudikira kumetedwa.

Sanalire. Anangomva kuzizira kwa masokosi aja kukukwera mpaka m'mimba.

"Mwina anamukakamiza," anatero Mafelemu. "Mwina sitikudziwa zonse, alamu."

"Munthu amamukakamiza kuseka choncho?"

Mlamu wake anatsamiritsa mphumi kukhoma. Mapewa ake ankagwedezeka, ndipo Sajeni anakumbukira kuti si iye yekha amene anasiyidwa. Uyunso anataya mkulu wake, ndipo anaika maliro a mayi awo yekha, mayi amene anamwalira akuyang'ana kumsewu.

"Kulungani," anatero Sajeni. "Tengani nyundo ndi tepi yanu. Muli ndi khoma loti muyezenso."

*

Sajeni anauza bwana wa holo kuti chithunzi chinatengedwa ndi wokonza mafelemu kuti akasinthe galasi, ndipo anaiwala kunena. Linali bodza loyamba limene Sajeni analemba m'buku lake la ntchito. Bwanayo anafufuma, anayankhula za kusalongosoka kwa anthu a masiku ano, kenako anathamangira ku mipando yake. Mlonda anavala chipewa. Podutsa pafupi ndi Sajeni anamuyang'ana kumaso, anaona kuti chithunzicho wachiona, n'kupita kukagwira makwerero.

Mafelemu anazula misomali, anayeza, anakhoma, anamata. Pofika kota tu thu zithunzi khumi ndi ziwiri zinali pamzere, ndipo wojambula anamata kapepala kake kotsiriza. Bodza la galasi lija sanalikhulupirire, zinkaonekeratu, koma anali ndi nzeru zokwanira kusafunsa.

Mphunzitsi anasuzumira pakhomo, madzi akuchucha pa ambulera.

"Mwanangu, iwe waziona. Muli chiyani mmenemo?"

"Anthu, aphunzitsi. Ena akuyanika zovala, ena akudikira basi."

"Bodza lokhalokha," anatero mkuluyo mokhutira, n'kubwerera pageti ndi chikwangwani chake. Sajeni anamuchitira nsanje.

Anatsala awiri ndi wojambula patsogolo pa chithunzi cha wometa. Panali funso limodzi lotsala, ndipo Sajeni analifunsa ndi mawu a ntchito, ngati akulemba umboni.

"Kumeneko anthu amawalola kutumiza makalata kunja?"

"Kwambiri. Ine mayi anga ndinkawalembera sabata iliyonse, ndipo onse anafika. Ndinkaponya apa pomwe." Wojambulayo analoza m'mphepete mwa chithunzi. "Si ili bokosi lake?"

Linali bokosi lofiira, lopakidwa utoto bwino, litaima pafupi ndi mtengo wa kalilole uja. Munthu wokhala pa benchi ya odikira ankayang'anizana nalo maso ndi maso. Sajeni anaganiza za chitini cha mabisiketi pansi pa bedi la mwana wake, chodzaza mpaka chivindikiro kukana kutseka, ndipo sanadziwe kuti madzulo akanena chiyani.

Thu koloko inakwana. Mlonda anatsegula zitseko, alendo anayamba kulowa akukutumula maambulera. Sajeni anaongola lamba, anaima pambali pa chithunzicho atachifulatira, manja kumbuyo. Mayi wina anaweramira pafupi, akuloza kalilole uja ndi chala, akuuza mnzake kuti taonani bambo awa mmene akusangalalira ndi mwana wawo.

"Musagwire galasi, mayi," anatero Sajeni.